Tinakwirira Thunthu la Nthochi

Amene akundinena kuti ndinachititsa manyazi achimwene anga m'tchalitchi anene mpaka kukamwa kuume. Ine Fainess ndinachitadi, ndipo zitati zibwererenso ndikhoza kuchitanso, mwinanso ndi nsomba yokulirapo. Koma poti nkhaniyi ikuyenda yopanda mutu pamsika wa Chiringa, lekani ndiifotokoze ndekha mwiniwakene.

Amuna anga ndi a Pius, bambo a Rejoice. Kwawo ndi kwa Kaduya, kuno kwathu ndi akamwini. Ndi munthu wamtali, wosayankhulayankhula, ndipo akanena chinthu sabwereza. Nyumba yathu anamanga okha, njerwa kuumba okha, denga kukhoma okha, koma khomo analifupikitsa. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akugunda mutu pafelemu ya chitseko chimenecho. Akamalowa umangomva kuti gu! kenako, "Asa!" Ndikati, "Bambo a Rejoice, bwanji osangolikweza khomoli?" iwo amati, "Mawa." Mawa lakelo ndinasiya kulidikira Rejoice asanayambe sukulu.

Chaka cha namondwe wa Fredi mvula inagwa masiku atatu osapumira. Tsiku lotsatira, kutacha ndithu, tinamva phiri la Michesi likubangula. Akuluakulu anangoti, "Napolo uyo!" Kunatsika madzi, matope ndi miyala ikuluikulu ngati nkhokwe. Nyumba yathu ili pakamtunda, inapulumuka. Koma ya achimwene anga a Wyson, amene ndi mkulu wa mpingo kwathu kuno, inali m'mbali mwa mtsinje. A Wyson anathawira kumtunda akukoka mbuzi zawo, poganiza kuti akazi awo, a Rozaria, akuwatsatira pambuyo. Pocheuka anaona alamu angawo atakakamira mtengo wa mango, madzi ali m'khosi.

Pamtunda paja amuna analipo ambiri, ena a zifuwa zoonetsera pabawo. Koma amene anavula nsapato, kutenga chingwe ndi kulowa m'madzi ndi anga. Anafika pamtengo paja, anawamanga a Rozaria chingwe m'chiuno, nakuwa kuti anthu akoke. Anthu anakoka, a Rozaria anatuluka. A Pius akuti atembenuke, chigobo cha mtengo chinawamenya. Ndinaona juzi yawo yofiira ikutumphuka kawiri, kachitatu sindinaionenso.

Tinafunafuna sabata ziwiri. Anyamata anakumba m'matope, anayenda m'mabango. Mitembo ya anthu ena inapezeka, wa a Pius ayi. Ndiye kunabwera akuluakulu a kwawo kwa Kaduya, wapansi, poti milatho inali itaduka. Anati maliro sangakhale m'malere, mzimu wa munthu ufunika pogona. Mwambo wake mukuudziwa: mtembo ukasowa, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, ndi kuliika m'manda m'malo mwa munthuyo. Anavutika kupeza thunthu lotalika ngati a Pius. A Wyson ndi amene analalikira, ndipo analalikira bwino, anthu analira. Ine anandimeta. Poona kuvuta kwa njira, akuluakulu aja anati sangabwerenso kawiri, choncho anandisudzula sabata yomweyo, kundiuza kuti ndine mfulu, ngati ndinawapempha ufuluwo. Zovala za a Pius anagawana, kupatula jekete yawo ya kwaya imene ndinaibisa m'thumba la nandolo. Rejoice anabwerera ku Blantyre kumene amagwira ntchito, ndipo m'chipinda chake munalowa a Wyson ndi a Rozaria, poti nyumba yawo inapita ndi madzi.

Lachitatu, Pasaka atangodutsa, ndinali kumunda, ndikufukula timbatata timene matope anatisiyira. Ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Amake Rejoice."

Nditatembenuka ndinaona munthu wamtali, wowonda, ndevu zili nyankhalala, atatsamira ndodo, chipsera chochokera pakhutu mpaka pamphumi. Ndinene zoona poti ndayamba kale: ndinaponya khasu ndi kuthawa. Ndinathawa ndikukuwa ngati ndaona njoka m'nyumba. Zaka makumi awiri ndi ziwiri za banja, munthu wandiitana ndi dzina la mwana wathu, ine liwiro! Manyazi amenewo ndi anga, ndipo ndidzafa nawo.

Mudzi wonse unakhamukira kumunda kuja, koma aliyense anaima patali. A Pius sanali okha. Anali ndi msodzi wina wa kutsidya, ku Mozambiki, dzina lake Eneya, akukankha njinga yonyamula dengu la nsomba. Iyeyo ndiye anafotokoza, m'Chilomwe chenicheni chimene ife tinayamba kuchiiwala. Anati anawapeza m'mabango kumunsi kwenikweni, kumadambo, atakakamira phaso la denga la eni, mwendo wothyoka, mutu wong'ambika. Anawaika m'bwato ndi kupita nawo kwawo. Masiku ambiri a Pius sankadziwa ndi dzina lawo lomwe. Atakumbukira, mafoni sankagwira, ndipo mwendo sunkalola. Tsopano poti ayamba kuponda, wawabweretsa.

Mtima unabwerera m'malo. Ndinati ndiyende ndikawagwire, koma a Wyson anandigwira mkono.

"Chemwali, ima pomwepo. Munthu amene tamuthira dothi salowa m'nyumba."

"Achimwene, dothi tinathira nthochi!"

"Tinatchula dzina lake pamanda. Tinaimba. Unametedwa, unasudzulidwa. Pamwambo si amuna akonso."

"Anandisudzula kwa nthochi, achimwene!"

Koma mawu anga anamira m'manong'onong'o. Wina anati ndi mzukwa. Wina anati ayi, ndi ndondocha, wakufa wodzutsidwa ndi mankhwala, asodzi a kutsidya amadziwa zambiri. Amayi ena anati wodya naye mbale imodzi atupa miyendo, mwezi sutha. Adzukulu, okumba manda aja, anakanitsitsa kuti iwo manda sakumba kawiri. Wina anati aitane sing'anga adzawasambitse mankhwala, koma a Pius anapukusa mutu, nati iwo anasamba kale paubatizo, ndipo chaka chino asamba zokwanira. Pamapeto a Wyson anagamula kuti tidikire abusa, amene amabwera kwathu mwa apo ndi apo, ndipo ndi kuduka kwa misewu sitinkadziwa kuti adzafika liti. Podikirapo a Pius azigona mumsasa wa kumunda, wolonderamo anyani.

Taonani nkhanza zake. Olakwitsa ndife, amene tinalirira nthochi. Koma wodetsedwa anakhala iwo. Ndipo wogamula mlanduwo ankagona m'nyumba ya munthu yemweyo, pamphasa yake, pansi pa malata amene anakhoma yekha. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Mwina mukuti, nanga iwe Fainess, ndi pakamwa pakopo, unalekeranji? Ndikuuzani. A Wyson anandikhazika pansi madzulo ake, Baibulo lili pamwendo.

"Chemwali, si ine ndikukuletsa. Ngakhale Ambuye Yesu atauka, Mariya wa Magadala atafuna kuwagwira, anamuletsa, anati asawakhudze. Wochokera kumanda sakhudzidwa. Ndipo unamvapo kuti anapita kukagona kunyumba kwa amayi awo? Ankangoonekera ndi kuzimirira. Tsono ngati zinali choncho ndi Ambuye, iwe ndi a Pius ndinu ndani?"

Mwambo ndikanalimbana nawo. Amayi a pamjigo ndikanawatha ndi pakamwa. Koma mawu a Mulungu? Ine sukulu ndinalekera sitandade 3, zilembo zing'onozing'ono za m'Baibulo zimandivina m'maso. Ndinangogonja. Komanso, ndisabise, kamantha kanali kadakalipo pansi pa mtima.

Lachinayi m'mawa ndinatenga chakudya kupita nacho kumunda, a Wyson ali pambuyo panga kuonetsetsa. Anasankha okha mbale yong'aluka imene timadyetsera nkhuku, kuti isadzabwererenso m'nyumba. Anandiuza kuti ndiike pansi m'malire a munda ndi kubwerera m'mbuyo. Ndinaikadi. A Pius anatuluka mumsasa, anayang'ana mbale ija nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Amake Rejoice, kutsidya kuja anthu osandidziwa ankandidyetsa ndi dzanja lawo, mbale imodzi ndi ana awo. Kuno kwathu ndidyere pansi ngati galu?"

Kenako anapitiriza:

"Eneya akugulitsa nsomba zake pa Chiringa, abwerera kwawo Lolemba. Likafika Lolemba ndidakali mzukwa, ndipita naye. Kumeneko ndine munthu."

A Wyson atatsogola, ndinatsalira pang'ono ndi kunong'ona kuti ndidzawatsekulira chitseko anthu akapita kumunda, alowe mwakachetechete. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ndilowe m'nyumba yanga ngati wakuba? Munandiika m'manda pagulu. Mundilandire pagulu."

Mbale ija sanaikhudze. Anakhala akutafuna makaka a chinangwa amene Eneya anawasiyira. Lachisanu chimodzimodzi. Ndipo ine ndimawadziwa amuna anga: akati Lolemba, ndi Lolemba. Madzi anandibwezera mwamuna, tsopano timuthamangitse tokha ndi mbale ya nkhuku!

Loweruka ndinati ayi, kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinavala chitenje changa ndi kupita kusukulu kwa aphunzitsi a Tobias. Iwowa ndi a ku Ntcheu, anabwera kuno ndi ntchito, ndipo m'tchalitchi mwathu ndi amene amawerenga mawu. Ndinawapeza pakhonde akusoka nsapato.

"Aphunzitsi, mundiwerengere malo onse amene Ambuye anaonekera atauka. Onse. Osadumpha ngati mmene amachitira alaliki."

Anaseka, natenga magalasi. Anayamba ndi Yohane. Mariya ali pamanda akulira, akuyesa Ambuye ndi wosamalira munda, Ambuye akumutchula dzina. Ndinamva nsanje, abale. Mnzanga anangomva dzina lake ndi kuzindikira, ine ndinaponya khasu. Kenako anafika pamawu aja oti asawakhudze, ndipo analipodi, a Wyson sananame. Mtima wanga unagwa.

"Ndiye kuti anali wodetsedwa?" ndinafunsa.

"Sizinalembedwe choncho, mayi. Taonani zotsatira zake, akumutuma kuti athamange akauze anzake. Panali changu pamenepa."

"Pitirizani."

Anawerenga za Tomasi, amene Ambuye anamuuza kuti abweretse chala chake, achiike m'mabala. Ndinawaimitsa.

"Imani kaye. Buku lomwelo?"

"Tsamba lomwelo, mayi."

"Heee! Ndiye achimwene anatsekera pakati?"

Anatsegula Mateyu, mmene amayi anakumana nawo panjira ndi kuwagwira mapazi, osatupa ndi mmodzi yemwe. Kenako Luka. Ophunzira ali m'nyumba, Ambuye aima pakati pawo, iwo aopa, akuyesa aona mzukwa. Ambuye awaonetsa manja ndi mapazi, iwo osakhulupirirabe. Ndiye Ambuye afunsa ngati m'nyumbamo muli kanthu kakudya. Awapatsa chidutswa cha nsomba yootcha, iwo nadya onse akuona.

"Bwerezani pamenepo," ndinatero. Anabwereza.

"Akatswiri a Baibulo amati anadya pofuna kutsimikiza kuti ali ndi thupi lenileni," anatero a Tobias, "poti mzimu sudya."

"Zimenezo ndi zoona, aphunzitsi, koma ndi za m'kalasi. Ndikufunseni: anthu aja anaima patali bwanji?"

"Sizinalembedwe."

"Ine ndikudziwa. Ndinaona Lachitatu kumunda kwanga. Anaunjikana kukhoma, aliyense kubisala kumbuyo kwa mnzake. Munthu wawafera, wachokera kutali kumene sikubwerera munthu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe womupatsa mpando kapena madzi akumwa. Mpaka mlendo kuchita kupempha yekha chakudya! Kwathu kuno mlendo akapempha yekha chakudya, manyazi ndi a ndani? Ambuye anatopa ndi kuopedwa, aphunzitsi. Anafuna wina atambasule dzanja. Ndipo amene anatenga nsomba ija ndi kuyenda nayo kuchoka kukhoma kuja, ameneyo ndiye anayamba kukhulupirira, ngakhale dzina lake sanalilembe."

A Tobias anavula magalasi ndi kundiyang'ana. "Mayi, zimenezo sindinaziwerengepo m'buku lililonse."

"Mawa mudzawerenge Luka ameneyu ndikadzakupemphani. Mudzatero?"

Anakanda m'mutu. Iwo ndi obwera, ndipo obwera sakonda kulowa nkhani za eni mudzi. Koma anati, "Kuwerenga mawu ndiye ntchito yanga."

Kuchoka apo ndinapita pamsika kukamupeza Eneya. Nditamuuza chimene ndikufuna, anapisa pansi pa dengu ndi kutulutsa mlamba wowamba wonenepa, umene ankasungira mlamu wake. Pobwerera ndinadzera kumunda. Ndinaika jekete ya kwaya ija pachitsa pafupi ndi msasa.

"Bambo a Rejoice, mawa mubwere kutchalitchi. Muvale iyi."

Anainyamula, naifwenkha. "Ikununkha nandolo."

"Ikanakhala kwa Kaduya bwenzi ikununkha malume anu. Mubwere."

Lamulungu m'mawa ndinautenthetsa mlamba uja pamakala, ndinaphika chinangwa, ndinatenga mbale yathu ya maluwa imene timadyera awiri, kabeseni ndi botolo la madzi. Zonse m'dengu, pamwamba nsalu. A Rozaria anandiona ndikulongedza, koma sanafunse kanthu. Chibwerere a Pius, alamu angawo sankadya, sankayankhula, ankangoyang'ana pansi.

Tchalitchi chinadzaza, poti aliyense ankadziwa kuti nkhani ya a Pius itchulidwa. Tikuimba nyimbo yachiwiri, ndinaona mabenchi a kuwindo akuyamba kupungulika, anthu akusunthira mbali ina. Ndinasuzumira. A Pius anali ataima panja pansi pa mtengo wa mthethe, jekete ikulendewera pamapewa, atatsamira ndodo. Munthu amene waimba besi m'tchalitchi chimenecho zaka zonsezi, kumvera mapemphero pawindo!

A Wyson anakwera pagome. Mutu wa ulaliki unali womwe uja, Mariya ndi mawu oti asakhudze. Ndisawanamizire, achimwene anga amalalikira. Anati pali malire pakati pa amoyo ndi amene adutsa kumanda, ndipo malirewo anaika ndi Mulungu. Anati chikondi chisatipangitse kudumpha mpanda. Anthu ankavomera kuti ameni, ena akundiyang'ana m'mbali. Atamaliza anafunsa, mwa chizolowezi chabe, ngati pali chilengezo.

Ndinaimirira, dengu m'manja.

"Chilipo. Aphunzitsi, tiwerengereni Luka uja."

"Chemwali, khala pansi," anatero a Wyson. "Ino si nthawi ya amayi."

"Nanga kumanda kuja Lamulungu m'mamawa inali nthawi ya ndani, achimwene? Amuna anali atadzitsekera m'nyumba. Aphunzitsi, werengani."

Kumbuyo wina anaseka, wina anamuletsa. A Tobias anaimirira, nawerenga ndime yonse, kuyambira pamantha a ophunzira mpaka pansomba. Atatseka buku ndinati:

"Mwamva. A Wyson anatiwerengera zoona, koma anatsekera pakati. Ambuye wathu anachita kupempha yekha chakudya kwa anthu ake. Zinachitika kamodzi, ndipo n'zokwanira. Amuna anga sapempha."

Ndinaika dengu patsogolo ndi kuyenda kupita kukhomo. "Bambo a Rejoice, lowani." Sanasunthe. Anangondiyang'ana, ndipo ndinadziwa chimene ankadikira. Ndinatuluka. Kuchoka pakhomo la tchalitchi kufika pamthethe paja ndi mapazi khumi okha. Ndinamva mayi wina akuti, "Mayo, Fainess, ganizira mwana wako!" Ndinatambasula dzanja ndi kugwira lawo.

Linali lofunda. Linali lokhakhala monga kale, ndi kachipsera ka chikwakwa pachala chachikulu, kamene ndinakamanga ndekha ndi nsanza chaka chimene tinakwatirana. Mantha onse anathera pomwepo. M'malo mwake munalowa ukali, ndi kunyada kumene sindinakumvepo chibadwire. Ndinalowa nawo m'tchalitchi titagwirana manja, pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo, ndodo ikugogoda pasimenti, anthu akupatuka mbali zonse ziwiri.

Ndinayala chitenje kutsogolo kwa gome, ndinawakhazika pabenchi ya akulu a mpingo, ndinagwada ndi kuwasambitsa m'manja. Kenako ndinavundukula mbale. Fungo la mlamba linadzaza tchalitchi chonse. Ndinanyema chidutswa ndi kuwapatsa. Analuma theka, ndipo theka lotsalalo ndinalitenga m'dzanja lawo ndi kuliika m'kamwa mwanga, ndikuyang'ana mpingo.

Ndiye kunamveka mawu a nkhalamba ina: "Atupa ameneyu."

"Ndikatupa mudzandiike," ndinayankha ndikutafuna. "Manda alipo kale, muli nthochi yokha."

Tinadya awiri. Chidutswa chachiwiri, chachitatu. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tithera awiri momwemo, ndipo sindinkadziwa ngati zimenezo ziwakwanira a Pius. Pamenepo ndinamva benchi ikulira kumbali ya amayi. A Rozaria anali ataimirira. Anayenda mpaka kutsogolo, naima moyang'anana ndi amuna awo pagome.

"Bambo," anatero, mawu ali pansipansi koma aliyense anamva, "dzanja ili linandigwira m'madzi. Tsiku limene lija silinali lodetsedwa."

Anagwada pambali panga, anasamba m'manja, napisa m'mbale. Misozi inkagwera pachinangwa, koma anadya. Kenako kunabwera a Tobias. Kenako anyamata awiri a besi, anzawo a kwaya. Nsomba inayamba kuchepa.

A Wyson anali adakali pagome, atagwira Baibulo ndi manja awiri. A Pius, amene chilowere sanayankhule, anadula mutu wa mlamba ndi kuukweza m'mwamba. Pakhomo pathu, chikwatiwire ine, mutu wa nsomba umakhala wa a Wyson, ndipo timawaseka nawo.

"Alamu," anatero, "mutu ndi wanu, monga kale."

Achimwene anga anaika Baibulo pagome ndi kutsika. Atafika pafupi sanayang'ane mbale, anayang'ana chipsera chija.

"Alamu, ine ndinathawa ndi mbuzi," anatero. "Inu munalowa m'madzi. Sindimaopa mzukwa ayi. Ndimaopa maso anu."

"Mbuzi zinapulumuka?" anafunsa a Pius.

"Zinapulumuka."

"Ndiye aliyense anapulumutsa chimene anagwira. Idyani, ukuzizira."

A Wyson analandira mutu uja ndi manja awiri. Ameneyo ndiye munthu amene akuti ndinamuchititsa manyazi. Kaya, mwina ndinatero. Koma ndinawaona akudya mutu wa mlamba akulira pamaso pa mpingo wawo, ndipo sindinawalemekezepo ngati tsiku limenelo.

Sikuti onse anabwera. Ena anatuluka nsomba isanathe, ndipo alipo mpaka lero amene akakumana ndi a Pius panjira amayamba kufuna chinthu m'thumba. Nkhalamba ija inakhala mwezi wathunthu ikuyang'ana miyendo yanga pamjigo. Zawo zimenezo.

Potuluka sindinalole kuti tidutse njira yachidule. Tinadzera mumsewu waukulu, pakati pa mashopu, dzuwa lili pamutu. Iwo patsogolo ndi ndodo yawo ndi jekete yonunkha nandolo, ine pambuyo, dengu pamutu, mpango nditauvula kuti mutu wometedwawo auone bwino. Aliyense amene anatiyang'ana ndinamupatsa moni ndi dzina lake. Ndinkafuna Chiringa yense aone kuti uyu ndi mwamuna amene analowa m'madzi ena ataima, ndipo ndi wanga.

Titafika pakhomo anaima kaye pabwalo. Anayang'ana denga, anayang'ana nkhokwe, anayang'ana mpando wawo pakhonde. Ndinatsekula chitseko ndi kulowa kukatula dengu. A Tobias anali atandiwerengera dzulo lake kuti Ambuye atauka ankalowa m'nyumba zitseko zili zotseka, osamveka ndi phazi lomwe. Ndili chotembenukira kukhoma ndinamva kumbuyo kwanga:

Gu!

"Asa!"

Abale, pamanda sindinalire kwenikweni, mutu unali utauma. M'tchalitchi sindinagwetse msozi ndi umodzi womwe. Koma nditamva kugunda kumene kuja ndinakhala pansi pomwepo ndi kulira mokweza ngati mwana. Iwo anangoima, akusisita pamphumi, osadziwa chochita nane.

Nditapezako mpweya ndinati, "Bambo a Rejoice, bwanji osangolikweza khomoli?"

"Mawa," anatero.

Lolemba lija Eneya anabwerera kwawo yekha, ndipo khomolo mpaka lero silinakwezedwe.